Kukweza Hilux yoyendera tsiku ndi tsiku ndi kusintha magiya a diff

Mukufuna galimoto izidutsa m'mathanthwe ndi m'matope, komanso iziyenda bwino pa tala popita kuntchito. Musanayambe, dziwani saizi ya matayala anu, ratio ya diff (nambala yosonyeza kuti shafti imazungulira kangati kuti mawilo azungulire kamodzi), ndipo pezani makaniko wokhala ndi dial indicator, kachipangizo koyezera timipata ting'onoting'ono.

1. Yambani posankha matayala, chifukwa zina zonse zimatsatira apa. Mwachitsanzo, tayala lakale la 265/65R17 ndi lalitali mamilimita 776, pomwe latsopano la 285/70R17 ndi 831.

2. Kwezani galimoto ndi mamilimita 50 basi. Mukapitirira pamenepo, ma CV joint akutsogolo (majoini opititsa mphamvu kumawilo) amapendekeka kwambiri n'kumatha msanga, ndiye mumafunikanso ma upper control arm ena (zitsulo zapamwamba zogwira mawilo akutsogolo).

3. Gulani masipiring'i ndi ma shock poganizira katundu amene mumanyamula nthawi zonse. Olimba kwambiri amakugwedezani msana galimoto ikakhala yopanda kanthu.

4. Matayala aakulu amachepetsa mphamvu yokoka, choncho werengetsani ratio yatsopano ya diff: yakale kuchulukitsa ndi kutalika kwa tayala latsopano (831), kugawa ndi kwa lakale (776). Ngati inali 4.10, mupeza 4.39. Tengani 4.30, kapena 4.56 ngati mumakoka ngolo.

5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: diff yakutsogolo ndi yakumbuyo zisinthidwe zonse, ratio imodzi. Zikasiyana, mukangolowetsa 4x4 mawilo amalimbana mpaka transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kuwonongeka. Backlash, kampata ka pakati pa mano a magiya, isayezedwe ndi maso koma ndi dial indicator. Ikalakwika, diff imalira.

6. Chititsani alignment, onani ngati mapaipi a mabuleki sakukokeka, wongolani magetsi akutsogolo.

7. Yendani pang'onopang'ono osakoka kanthu makilomita 800, kenako sinthani oyilo wa diff.