Momwe Mungaphunzitsire Kupanga Dizilo Kuchokera ku Mafuta a Pachiwaya

Mafuta amene ogulitsa tchipisi mumsika wa Zomba akazingira mbatata mpaka kuda akhoza kusanduka dizilo, ndipo ntchitoyi ndi yotheka mu labotale ngati za ku Yunivesite ya Malawi ku Chirunga. Dziko lathu lakhala likupanga ethanol wosakaniza ndi petulo ku Dwangwa kuyambira 1982, choncho nkoyenera kuti ophunzira athu aigwire ntchito yotereyi ndi manja awo, osangoiwerenga m'mabuku.

Poyamba, ophunzira asefe mafutawo pa nsalu, kenako awatenthetse mpaka madzi onse atauma.

Gawo lotsatira ndi limene sindifuna kuti mphunzitsi alithamangire. Mafuta okazingira kambiri amakhala ndi asidi wochuluka, amene akakumana ndi sodium hydroxide (caustic soda, mankhwala amene timathira pothandiza mafuta kusanduka dizilo) amapanga sopo m'malo mwa dizilo. Lita imodzi ya mafuta atsopano imafuna magalamu 3.5 a sodium hydroxide, koma akale amafuna oonjezera, ndipo muyezo wake umapezeka motere: sungunulani mililita imodzi ya mafuta m'mamililita 10 a isopropanol (mtundu wina wa alcohol), thiranimo phenolphthalein (mankhwala osintha mtundu asidi akatha), kenako donthezerani madzi okhala ndi galamu imodzi ya sodium hydroxide pa lita mpaka mtundu wa pinki utakhazikika. Mililita iliyonse imene mwadonthezera ikuimira galamu imodzi yoonjezera pa lita iliyonse ya mafuta. Gulu lililonse lipime lokha, pakuti mafuta a ziwaya ziwiri safanana.

Mukapeza muyezowo, sungunulani sodium hydroxide m'mamililita 200 a methanol pa lita iliyonse ya mafuta. Methanol, alcohol amene amaphatikizana ndi mafutawo kupanga dizilo, ndi poizoni wochititsa khungu komanso sachedwa kuyaka, motero aliyense avale magolovesi ndi magalasi, ndipo pasakhale moto pafupi. Thirani msanganizowu m'mafuta ofunda madigiri 55 mpaka 60 ndi kutakasa kwa ola limodzi, osapyola kutentha kumeneko chifukwa methanol amawira pa madigiri 65.

Zisiyeni zigone mu separating funnel, chiwiya chagalasi cholekanitsira zamadzimadzi zosasakanikirana. M'mawa mwake glycerol wakuda, chotsalira chimene chimapangika limodzi ndi dizilo, amakhala atadikha pansi, dizilo ali pamwamba. Tsanulani glycerol, tsukani diziloyo pang'onopang'ono ndi madzi ofunda mpaka madziwo azituluka oyera, kenako muumitseni.

Pomaliza, ophunzira apime kulemera kwa zonse zimene analowetsa ndi zimene zatuluka, kuphatikizapo madzi otsukira, ndipo afotokoze mu lipoti lawo kumene chilichonse chipite. Glycerol asatayidwe mu sinki. Akachotsedwa methanol wotsalira, akhoza kupangira sopo m'phunziro lotsatira.