Musanasankhe chida choyesera webusaiti yanu, yambani mwaona nthaka

Achinyamata ambiri amene ayamba kulemba mapulogalamu a pa intaneti amandifunsa funso limodzi: "Ndi framework iti yabwino koposa yoyesera code, Jest, Cypress kapena Playwright?" Yankho langa limafanana ndi la mlangizi amene mlimi wamufunsa mbewu yabwino ya chimanga. Mlangizi wodziwa ntchito satchula dzina la mbewu asanafunse kumene kuli munda ndi mmene mvula imagwera kumeneko. Mbewu yochedwa kucha imene imabereka bwino ku Dedza ikhoza kumusiya ndi njala mlimi wa ku Nsanje. Inunso, anzanga, nthaka yanu ndi chiyankhulo chimene mukulembera pulogalamu, anthu amene mukugwira nawo ntchito, ndi kompyuta imene muli nayo.

Choyamba, dziwani kuti zida zitatu zimene zatchulidwa mu funsoli sizigwira ntchito imodzi. Kufunsa ngati Jest imaposa Playwright kuli ngati kufunsa ngati khasu limaposa nkhwangwa. Tiyerekeze kuti mukulemba pulogalamu yosungira kaundula wa banki mkhonde. Pali tesiti yoona kachigawo kamodzi kokha, monga function yowerengera chiwongoladzanja cha ngongole. Imeneyi ndi unit test, ndipo mazana angapo amatha m'masekondi ochepa. Pali ina yoona ngati fomu ya ngongole ikafika pa seva ikulowadi mu database bwinobwino. Ndiye pali yachitatu, end-to-end, imene imatsegula browser yeniyeni, kulemba dzina, kudina batani ndi kuona zimene mlembi wa gulu angaone ndi maso ake. Yomalizayi ndi yochedwa ndipo imafuna chisamaliro chambiri. Kawirikawiri mudzafunika zida ziwiri: chimodzi cha matesiti aang'onoang'ono ambiri, china cha matesiti a mu browser ochepa.

Pa matesiti aang'onoang'ono, langizo langa ndi lakuti musapite kutali kukafuna chimene chili kale pakhomo. Ngati mukulembera mu Laravel, framework ya chiyankhulo cha PHP, PHPUnit imabwera nayo limodzi, ndipo Pest, imene ambiri amaikonda chifukwa matesiti ake amawerengeka mosavuta, inamangidwa pamwamba pa PHPUnit yomweyo. Mukasankha iliyonse mwa ziwirizi simunalakwe. Chofunika kwambiri ndi kuphunzira RefreshDatabase, kuti tesiti iliyonse iziyamba ndi database yoyera. Olembera mu Django, framework ya Python, muli ndi TestCase, yochokera ku unittest ya Python, ndipo imakupangirani database yapadera ya dzina loyamba ndi test_, n'kuifafaniza ikamaliza. Matesiti akachuluka, ambiri amasamukira ku pytest pamodzi ndi pytest-django, chifukwa mumangolemba assert wamba, ndipo ndi parametrize mumayesa function imodzi ndi zitsanzo makumi awiri osabwereza code. Ubwino wake, pytest imayendetsanso matesiti akale a unittest, choncho palibe chimene mumataya.

Ku JavaScript ndiye kumene anthu amasokonezeka, chifukwa zida zilipo zambiri. Jest inachokera ku Facebook ndipo mu 2022 inaperekedwa ku OpenJS Foundation. Imabwera ndi zonse m'thumba limodzi: choyendetsa matesiti, expect yoyerekezera zotsatira ndi zimene mumayembekezera, ndi ma mock, zinthu zongoyerekeza zimene zimalowa m'malo mwa zenizeni pa nthawi ya tesiti. Mocha, imene inayamba mu 2011, imangoyendetsa matesiti, zina mumawonjezera nokha monga Chai ndi Sinon. Vitest ndi yatsopano, imagwiritsa ntchito makonzedwe a Vite, chida chomangira pulojekiti, amene muli nawo kale, ndipo kalembedwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka Jest. Ndiye ngati pulojekiti yanu inamangidwa ndi Vite, tengani Vitest, musavutike kukonza Babel, chida chomasulira code, padera kuti Jest imve TypeScript ndi ma ES module anu. Koma ngati mwalowa ntchito pamalo pamene pali kale matesiti mazana a Jest kapena Mocha ndipo akuyenda bwino, asiyeni momwemo. Ndaona magulu akutaya milungu iwiri kusamutsa matesiti abwinobwino pamene fomu yolipirira inalibe tesiti ngakhale imodzi. Ndipo ngati mukulemba ka API kakang'ono pa Node.js, kumbukirani kuti kuyambira pa Node 20 muli choyendetsa matesiti chokhazikika m'kati momwemo, node:test, chosafuna kudawunilodi kanthu.

Tsopano za mu browser, pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Selenium ndi gogo wa zonsezi. Inayambitsidwa ndi Jason Huggins ku ThoughtWorks mu 2004, ndipo njira yake yolankhulira ndi browser, WebDriver, inavomerezedwa ndi W3C mu 2018. Mukhoza kuilembera mu Java, Python, C#, Ruby kapena JavaScript. Ngati gulu lanu ndi la Java ndipo muli ndi munthu amene anaizolowera, ndi chida chodalirika. Pofunika kusamala ndi pa kudikira. Tsamba likachedwa kutseguka, tesiti imafuna batani lisanaoneke n'kugwa. Ophunzira ambiri amathetsa zimenezi poika sleep ya masekondi asanu paliponse, ndipo mapeto ake matesiti amatenga theka la ola koma amagwabe tsiku limene intaneti yafooka. Selenium ili ndi njira yoyenera, explicit wait, yodikira mpaka batanilo litaoneka, koma muyenera kuilemba nokha ndi kuikumbukira nthawi zonse.

Tesiti yogwa lero n'kudutsa mawa popanda chosintha chilichonse ndi kachilombo koopsa kuposa kusowa tesiti. Imaphunzitsa gulu kunyalanyaza chizindikiro chofiira chosonyeza kuti tesiti yagwa. Munthu akangoona zagwa amati, "Ija imatero, ingoyendetsaninso." Tsiku limene idzagwe chifukwa cha vuto lenileni, palibe adzaimvere.

Cypress ndi Playwright zinatchuka chifukwa zimadikira zokha. Cypress imayendetsa tesiti m'kati mwa browser momwemo, ndipo mumaona sitepe iliyonse pa sikirini, n'kubwerera m'mbuyo kuona mmene tsamba linalili pa nthawi imene batani linadinidwa. Kwa munthu amene akuphunzira, zimenezi zimathandiza kwambiri. Malire ake ndi awa: mumalembera mu JavaScript kapena TypeScript basi, siyendetsa ma tab angapo nthawi imodzi, ndipo tesiti ikadumphira ku domain ina mumafunika cy.origin. Ganizirani zimenezi ngati makasitomala anu amatumizidwa ku tsamba la kampani ina kukalipira kenako n'kubwerera.

Playwright inatulutsidwa ndi Microsoft mu 2020. Imayendetsa Chromium, Firefox ndi WebKit, ndipo mukhoza kuilembera mu JavaScript, TypeScript, Python, Java kapena .NET, choncho wa Django safunika kusintha chiyankhulo. WebKit ndi injini ya Safari. Ngati ena mwa olipira pa webusaiti yanu ali ndi iPhone, monga abale a ku Johannesburg kapena ku London olipirira mwana fizi, mbali imeneyi ndi yofunika. Ilinso ndi trace viewer, imene imasunga zonse zimene zinachitika tesiti ikagwa pa seva, kuti mukaone pambuyo pake. Pa pulojekiti yatsopano imene ilibe matesiti a mu browser, ine ndimalangiza Playwright. Chenjezo limodzi kwa ife ogula bandulo: mukailamula kuti iike ma browser onse, imadawunilodi mamegabayiti mazana angapo. Lembani npx playwright install chromium kuti muyambe ndi imodzi, zinazo ziziyenda pa seva ya CI, imene imayendetsa matesiti yokha mukatumiza code, monga GitHub Actions. Laputopu ya 4GB ya RAM imalemedwanso mukatsegula ma browser ambiri nthawi imodzi, ndiye chepetsani ma worker, amene ndi chiwerengero cha matesiti oyenda nthawi imodzi.

Musaiwale kufufuza ngati chidacho chikusamalidwabe. Protractor inali chida cha aliyense wa Angular, koma eni ake analengeza mu 2021 kuti aisiya, ndipo amene anali ndi matesiti ambiri anayamba kulemba mwatsopano. Enzyme, yoyesera mapulogalamu a React, yochokera ku Airbnb, adapter yake yovomerezeka inathera pa React 16, ndipo anthu anasamukira ku Testing Library, imene imafufuza zinthu pa tsamba monga mmene munthu amazionera, ndi mawu olembedwa pa batani kapena dzina la bokosi. Tsegulani tsamba la chidacho pa GitHub, muone tsiku limene version yomaliza inatuluka ndiponso ngati madandaulo akuyankhidwa. Maphunziro ambiri a pa YouTube ndi akale, ndipo amaphunzitsabe zida zimene zinasiyidwa.

Ngati mukukayikabe pakati pa zida ziwiri, limani munda wachitsanzo. Patulani masiku awiri, mulembe matesiti atatu omwewo ndi chida chilichonse: kulowa ndi password, kudzaza fomu yofunika kwambiri, ndi kulipira. Kenako thyolani code mwadala, muone uthenga umene chida chilichonse chikupereka. Funsani wocheperapo nzeru za ntchitoyi pa gulu lanu kuti auwerenge. Ngati wadziwa pamene pali vuto osakufunsani, chida chimenecho chikukuyenerani. Yendetsaninso matesitiwo kakhumi motsatizana, muwerenge kuti agwa kangati popanda chifukwa.

Chida chikapezeka, yambani ndi zinthu zimene zimaswa mapulogalamu athu kunoko, zimene zitsanzo za m'maphunziro akunja sizitchula. Nambala ya foni wina amailemba kuyamba ndi 088 kapena 099, wina ndi +265, wina amaika mipata pakati. Tesiti yanu itsimikize kuti onsewa ndi munthu mmodzi. Yesani mayina okhala ndi ng' komanso chilembo ŵ. Ndinaonapo fomu ya ofesi ina ikukana munthu kulembetsa chifukwa cha kachizindikiro ka mu ng' kokha, ndipo bamboyo anabwerera kwawo atalipira basi ulendo wautali. Yesani nthawi: Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa UTC, wotchi imene dziko lonse limayezerapo nthawi, choncho ndalama yolipidwa 1 koloko usiku pa 1 Julaye, seva ya UTC imailemba pa 30 Juni, mwezi wina. Jest ndi Vitest zili ndi setSystemTime, Laravel ili ndi travelTo, Python ili ndi freezegun, zonse zoimitsira wotchi pa nthawi imene mukufuna. Yesani ndalama: mu JavaScript 0.1 kuphatikiza 0.2 zimapereka 0.30000000000000004, n'chifukwa chake ndi bwino kusunga ndalama mu matambala, manambala athunthu.

Za Airtel Money ndi Mpamba, matesiti anu a tsiku ndi tsiku asamaimbe ku seva zenizeni za olipiritsa. Ikani mock, monga Http::fake mu Laravel, ndipo muyese mbali zitatu: ndalama yadutsa, yakanidwa, ndiponso uthenga wotsimikiza kulipira wafika kawiri. Netiweki ikadukiza, uthenga womwewo ukhoza kutumizidwanso, ndipo pulogalamu yosakonzekera imalemba kuti membala wabweza ngongole kawiri. Tesiti imeneyi ilembeni sabata ino, ndi chida chilichonse chimene chili kale mu pulojekiti yanu.