Kukaona mbalame za m'matope ku Langebaan: yambani mwadziwa nthawi ya madzi

Kuyambira mu September, mbalame zomwe zimaswana kumpoto kwa Siberia zimayamba kutera pa Langebaan Lagoon, dziwe lolumikizana ndi nyanja ya mchere mu West Coast National Park ku South Africa, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Cape Town mukatsata msewu wa R27. Zimakhala mpaka April. Malowa analowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 1988.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri si kusowa kwa mbalame ayi, ndi kufika pa nthawi yolakwika. Amene anazolowera nyanja ya Malawi adziwe kuti ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Madzi akaphweratu, mbalame zimakadyera kutali, mumangoona timadontho. Akadzaziratu, matope amamira, mbalame n'kuthawira kokapuma. Nthawi yabwino ndi yapakatiyi: madzi akamabwera n'kumazikankhira kwa inu, kapena akangoyamba kuphwa, matope oyamba akuonekera pafupi ndi kanyumba kobisalamo.

Choncho onani ndandanda wa nthawi zomwe madzi amadzaza ndi kuphwa tsiku lisanafike. Tinyumba ta ku Geelbek tili kumapeto kwenikweni kwa dziweli, komwe madzi amafika mochedwa kusiyana ndi kugombe, ndipo mphepo imathanso kuwafulumizitsa kapena kuwachedwetsa. Fikani ola lathunthu nthawi yomwe mwawerengera isanakwane, mudikire. Madzi akadzaza, samukirani ku kanyumba ka ku Seeberg, komwe mbalame zimaunjikana pamchenga.

Ma binoculars (magalasi oonera patali) a 8x42 ndi okwanira pa mbalame zapafupi, koma matope ndi aakulu. Telesikopu yokulitsa ka 20 mpaka 60, yokhala ndi miyendo yolimba, imathandiza kwambiri. Dzuwa likatentha musakulitse mpaka 60, chifukwa mpweya wotentha umanjenjemeretsa chithunzi. Bwererani pa 30. Juzi musaiwale, mphepo ya kumeneko imalowa m'mafupa.

Mbalamezi miyezi imeneyi pafupifupi zonse n'zotuwa, ndiye mtundu wa nthenga usakhale poyambira. Yambani ndi Curlew Sandpiper, yomwe imachuluka kuposa zonse: ndi yotalika masentimita pafupifupi 20, mlomo wakuda wopindikira pansi pang'ono, ndipo ikauluka pamwamba pa mchira pamayera. Ikakhazikika m'maso, zina zonse muziziyerekeza nayo. Kocheperako, ka mlomo waufupi wowongoka, kojompha mothamanga ngati singano ya makina osokera, ndi Little Stint. Yonenepa, ya diso lalikulu, yothamanga n'kuima, n'kuthamanganso, ndi Grey Plover. Dikirani itambasule mapiko, m'khwapa mwake muli bii. Whimbrel ndi yaikulu, mlomo wautali wogwera pansi, mizere pamutu. Mlomo wa Bar-tailed Godwit umakwera m'mwamba pang'ono. Mukaona kambalame ka mlomo wopindikira m'mwamba koma miyendo yaifupi yachikasu, kakuthamanga chowerama, kayang'anitsitseni: ndi Terek Sandpiper, ndipo sikaoneka tsiku lililonse.

Mu September, ma Curlew Sandpiper ena aakulu amafika akadali ndi timawanga tofiira pachifuwa, zotsalira za nthenga zoswanirana. Musaziyese mtundu wina. Kufiira kwenikweni kumabwera mu March ndi April, zikamakonzekera kubwerera.

M'kanyumba muzilankhula chonong'ona, tsegulani zenera pang'onopang'ono, ndipo dzanja lisatuluke kunja poloza. Apa sitinyengerera: mbalame yongofika kumene yawonda ndi ulendo wa makilomita oposa 10,000, ndipo kuiulutsa kamodzi n'kuilanda chakudya, poti matope amakhala poyera maola ochepa okha.

Mukaona ina ili ndi kambendera kapena mphete kumwendo, lembani mtundu wake, zilembo zake, mwendo wamanja kapena wamanzere, pamwamba kapena pansi pa mfundo ya mwendo, tsiku ndi malo. Tumizani zimenezi ku SAFRING, ku University of Cape Town, komwe amasunga mbiri ya mbalame zovekedwa mphete.