Momwe mungalandirire alendo ochokera kunja obwera kudzamanga nyumba m'mudzi mwanu

Chichokereni namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ena ku Nsanje ndi ku Chikwawa akugonabe m'zisakasa. Ndiye tsiku lina nyakwawa akuuzani kuti bungwe lina likubweretsa anthu odzipereka a ku Ulaya kapena ku America, odzilipirira okha ndege, kudzamanga nawo nyumba. Alendowa sakhalitsa, sabata imodzi kapena ziwiri abwerera. Mwini nyumbayo ndiye adzagonamo dzinja lililonse, choncho ntchito yeniyeni ndi yanu, ndipo imayamba iwo asanafike.

Yambani ndi kusankha womumangira. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ikhale pansi ndi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (VCPC) pamodzi ndi amfumu, mayina awerengedwe pabwalo anthu onse akumva. Mukapangira kuseri, mawa mudzamva kuti nyumba yapita kwa mlamu wa wapampando. Dziwitsaninso ofesi ya DC.

Kenako malo. Apa musachite manyazi. Funsani akuluakulu pomwe madzi anafika mu 2015 ndi mu 2023, muone mzere wa matope pa mitengo ndi pa zipupa zotsala. Ngati Shire, Ruo kapena Mwanza anafikapo, pezani malo kumtunda, ngakhale kudimba kutalikire. Mlendo wobwera mu Julayi amangoona fumbi, sangaganize kuti pamenepo panadutsa bwato.

Chachitatu, pezani mmisiri wakwanu ndipo alipidwe. Ambiri mwa odziperekawa ndi aphunzitsi, ophunzira kapena ogwira ntchito za muofesi. Mtima ali nawo, koma chingwe ndi levulo sazidziwa. Apatseni wilibala, fosholo, kusefa mchenga, kupatsirana njerwa ndi kupaka penti. Ngodya za nyumba, linta ndi denga zisiyireni mmisiri.

Maziko ndiwo ofunika kuwataya nthawi. Dothi la makande, ngati lija la ku Ngabu, limang'ambika m'chilimwe mpaka phazi la mwana kulowa, mvula ikagwa n'kufufuma. Nyumba ya maziko osaya pamenepo imachita ming'alu msanga. Kumbani mozama, mangani maziko ndi simenti, osati matope, ndipo mukweze pansi pa nyumba kuti munthu azichita kukwera masitepe awiri kapena atatu. Yalani pulasitiki wakuda musanayambe khoma. Ine ndimakonda kuti mazikowa athe alendo asanafike, chifukwa akafika aliyense amathamangira kuti chithunzi cha nyumba yofolera chipezeke Lachisanu. Simenti safuna phuma: muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Lawani kaye madziwo, poti mijigo ina kuno ndi yamchere, ndipo mchere umadya zitsulo za mu linta. Phaso limangidwe ndi waya wolowa m'khoma, apo ayi malata adzauluka ndi mphepo ya mvula yoyamba.

Za nthawi, auzeni abwere pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, munthu wosazolowera amakomoka fosholo ili m'manja. M'dzinja msewu wa ku East Bank wochokera pa Thabwa umavuta, simenti ingathere m'njira. Ntchito iziyamba mbandakucha, ikamakwana 11 koloko onse pamthunzi. Madzi akumwa akhale othira mankhwala, ndipo aliyense agone m'masikito.

Pezani wachinyamata womasulira, makamaka komwe agogo amalankhula Chisena chokha. Iyeyo awauzenso alendo za kavalidwe, komanso kuti asajambule ana kapena mwini nyumba osapempha.

Asananyamuke, lembani zomwe zatsala: zitseko, pulasitala, chimbudzi, dzina la womaliza ndi tsiku lake. Wa bungwe asaine, amfumu adinde, pepala limodzi litsale kwa mwini nyumba.