Ma plugin ndi manambala a version pa Python: mmene ndimapangira ine

Anzanga ophunzira coding kuno ku Dedza mwakhala mukundifunsa za kapulogalamu kanga kaja kolembera malonda a pamsika, kotchedwa msika, kuti zikutheka bwanji munthu wina kuwonjezerapo gawo lake lomwe timati plugin, kaya la kachewere kaya la kabichi wa ku Lizulu, osakhudza code yanga ngakhale mzere umodzi.

Poyamba ndinkangouza pulogalamu kuti izitsegula fayilo iliyonse ya .py yomwe yapeza mu folda ya plugins. Musayese zimenezo chonde. Mnzanga wina anaiwalamo fayilo yoyesera, pulogalamu yonse inakana kudzuka tili pamsika m'mawa kuzizira kuja, anthu ataima akudikira malisiti awo.

Njira yabwino ndi entry points, pomwe plugin imadzilembetsa yokha kuti pulogalamu yanu iipeze. Wopanga plugin alembe mu pyproject.toml yake, fayilo yofotokoza za project yake, motere:

[project.entry-points."msika.mbewu"]
kachewere = "msika_kachewere:Mtengo"

Kumanzere ndi dzina la plugin, kumanja ndi module komanso class yoti itengedwe. Akapanga pip install (pip ndi chida choikira ma package a Python), zimenezi zimalembedwa mu entry_points.txt, ndiye inu mu pulogalamu yanu mungoitana entry_points(group="msika.mbewu") kuchokera mu importlib.metadata, kenako ep.load() pa entry point iliyonse (ep) yomwe yapezeka. importlib.metadata inabwera ndi Python 3.8 koma zolemba group= chonchi zinayamba pa 3.10, ndiye onani kaye Python yomwe ili pa laptop yanu. Pytest, pulogalamu yoyesera code, nayo imapeza ma plugin ake chimodzimodzi, group yake ndi pytest11. Ndipo ep.load() yo muyiike mkati mwa try, plugin imodzi ikafa ingolemba uthenga zinazo zipitirire.

Koma pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa manambala, chifukwa ma plugin amathyokera pomwepa. Ine ndimatsata SemVer, njira yoperekera manambala a version, yomwe analemba Tom Preston-Werner, mmodzi mwa anthu omwe anayambitsa GitHub. Manambala ndi atatu, tinene 1.4.2. Mwakonza kabug basi, ikhale 1.4.3. Mwawonjezera chinthu chatsopano koma zakale zikugwirabe, 1.5.0. Mwasintha dzina la function yomwe ma plugin amaitana, kapena mwaichotsa, imeneyo ndi 2.0.0 ngakhale mwangosintha chilembo chimodzi, musachite manyazi kuti nambala yakwera msanga, chifukwa mnzanu wina, tinene wa ku Bembeke, analemba mu plugin yake kuti "msika>=1.4,<2" ndipo akukhulupirira kuti chilichonse chapansi pa 2 sichimuwonongera ntchito, ndiye inu mukabisa kusintha kwakukulu mu 1.4.3 pip imupatsa osamufunsa nkomwe, iye azingodabwa kuti zafa bwanji dzulo zinali bwinobwino. Ngati simunakhazikike yambani ndi 0.1.0, ziro wakutsogoloyo amauza anthu kuti zinthu zitha kusintha nthawi iliyonse.

Ena amawerenga ndi kalendala, monga Ubuntu 24.04 ndi ya Epulo 2024. Nzabwino, koma pa pulogalamu yokhala ndi ma plugin ine sindiikonda chifukwa deti silikuuzani ngati chinthu chathyoka.

Osafananiza ma version ngati mawu wamba. Python ikuuzani kuti "1.10" ndi yochepa kuposa "1.9" poti ikuona chilembo ndi chilembo. Gwiritsani Version ya mu packaging.version, imatsata PEP 440, malamulo a Python a ma version, ndipo imadziwanso kuti 2.0rc1 imabwera 2.0 isanafike. Ma rc amenewa, omwe ndi ma version oyesera yeniyeni isanatuluke, muziwapatsa opanga ma plugin ayese kaye.

Mukakweza pa PyPI, nkhokwe ya pa intaneti komwe pip imatenga ma package, dziwani kuti fayilo ya version imodzi siikwezedwa kawiri, olo mutaifufuta. Mwalakwitsa, kwezani nambala ina, yolakwikayo muipange yank, kutanthauza kuiika chizindikiro kuti pip isamaisankhe yokha.

Za bandulo ndikudziwa zikuvuta. Mukapeza netiweki yabwino pangani pip download -d mawilo msika, koperani folda ya mawilo imeneyo pa flash, kwinako muzingoti pip install --no-index --find-links mawilo msika, ilowa popanda intaneti bola Python ndi mtundu wa makina zikhale zofanana.