Kukonza sewero la Bishopu Mackenzie ndi ana a Sande sukulu

Chaka chikangoyamba, ine ndi ana anga a Sande sukulu timakonzekera sewero la moyo wa Bishopu Charles Mackenzie, mmishonale wa mpingo wa Angilikani amene anamwalira pa 31 Januwale 1862. Aphunzitsi anzanga akhala akundifunsa kuti ndimachita bwanji, ndiye ndati ndilembe.

Lamulungu loyamba musagawe mbali. Khalani pansi ndi ana muwasimbire nkhani yonse ngati nthano ya madzulo. Auzeni kuti bamboyu anali wa ku Scotland, katswiri wa masamu ku Cambridge, ndipo anayamba watumikira ku Natal. Anamudzoza ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861, kenaka anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi David Livingstone pa sitima yotchedwa Pioneer. Ndimawauza ana awerengere okha pa zala kuti ubishopu wake unatha miyezi ingati. Akapeza 13 amakhala chete, ndipo kuyambira pamenepo amamvetsera.

Zigawo zitatu n'zokwanira. Choyamba chikhale cha pamudzi wa Mbame mu Julayi 1861, pamene akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete anamasulidwa. Magoli apangeni ndi mapesi a chimanga omanga ndi luzi. Chaka changa choyamba ndinadula mphanda zenizeni, mwana wina khosi linasupuka, ndipo ndinakapepesa kwa amayi ake manyazi ali tho. Kumbukiraninso kuti nthawi imene ogwira akapolo ankathawira kutchire, bishopu anali kumtsinje kukasamba. Wosewera mbali yake alowe mochedwa, thaulo lili paphewa, apeze anzake akucheka magoli ndi sowo. Mpingo umaseka, koma n'zimene zinachitika.

Chigawo chachiwiri, cha ku Magomero kwa mfumu Chigunda kumene bishopu anakhazikitsa mishoni, ndi chimene chimafuna mtima. Ambiri amamupatsa mwana chisoti cha katoni ndi ndodo ya ubusa basi. Ine ndimamupatsanso mfuti ya mtengo kudzanja linalo, chifukwa Mackenzie ananyamuladi mfuti. Mafumu a Chimang'anja atamudandaulira, iye anatsogolera anthu kukamenyana ndi Ayao, ndipo midzi inatenthedwa. Mkulu wina wa mpingo anandikokerapo pambali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mfutiyo mukunyozetsa nayo Ambuye Bishopu." Ndinawayankha mwaulemu kuti ana akadzaimva nkhaniyi kwina atakula, adzati tinawabisira, ndipo adzakayikira ndi zina zonse zimene tinawaphunzitsa. Munthuyu ankadana ndi ukapolo ndi mtima wake wonse, ankagona ndi kudya pakati pa anthu omasulidwa aja, koma analowa m'mikangano imene sankaidziwa mutu wake. Zonsezi ana azione.

Samalani pogawa mbali apa. M'kalasi mwanu mungakhale ana a Chiyao. Musalole kuti mtundu wawo usanduke dzina lotukwanirana potuluka m'tchalitchi. Ine ndimasakaniza ana mwadala, ndipo ndimaika mwana mmodzi wofotokoza kuti Ayao ambiri nawonso ankathawa nkhondo ndi njala kwawo, pomwe ogula anthu anali amalonda ochokera kutali.

Chomaliza chikhale chachifupi, chopanda phokoso. Benchi ikhale bwato. Bishopu ndi wansembe Henry Burrup akupalasa kutsika Shire kukachingamira mlongo wa bishopu ndi mkazi wa Burrup. Bwato ligubuduzike, kabokosi ka kwinini kagwere pansi, ndipo mwana wina wofunda nsalu yabuluu akakokere kunja. Pachilumba cha Malo, pamene Ruo amathira mu Shire kufupi ndi Chiromo, malungo amugwire bishopu. Mwana wosewerayo musamuphunzitse kunjenjemera, malungo amawadziwa kale. Burrup amuike m'manda, abwerere ku Magomero akudzikoka, poti nayenso anamwalira patangopita masabata ochepa.

Yesezani kawiri kapena katatu, komaliza m'tchalitchi momwemo kuti ana azolowere kukweza mawu. Pemphani abambo wansembe akupatseni mphindi 15 ukatha Uthenga Wabwino. Wofotokoza atseke ndi kunena kuti Bishopu Tozer, amene analowa m'malo mwa Mackenzie, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo inadzabwerera kuno kudzera ku Likoma mu 1885. Akatero ana atole magoli awo aja, akawaike patsogolo pa guwa, kwaya iyambe nyimbo.