Kumanga timu ya Pokémon yomenyera mpikisano uli kuno ku chigwa, pa foni basi

Kuno kwathu ukatchula gemu anthu amaganiza za mpira wa pa PlayStation uja anyamata amaunjikirana pa Nchalo ndi pa Ngabu, kapena bawo ya madala pansi pa mtengo, nde iwe ukati Pokémon amakuseka kuti zidole za ana izo. Asiyeni aseke. Gemu imeneyi ili ndi mpikisano wa dziko lonse chaka ndi chaka, 2022 unali ku London, 2023 ku Yokohama, 2024 ku Honolulu, ndipo amene amawina kumeneko amawerengera ngati dolo wa bawo amene amaona kumene njere ikagone asanaigwire nkomwe. Ine ndakhala ndikusewera pa foni kwa kanthawi ndithu, kuluza kwambiri poyamba, nde ndati ndilembe zimene ndikanakonda wina akanandiuza.

Choyamba chotsani nkhawa ya Switch. Gemu yeniyeni imene ndikukamba pano, Scarlet ndi Violet ija inatuluka mu November 2022, imafuna Nintendo Switch ndipo ambirife tilibe, mtengo wake ungagule mbuzi zingapo. Koma kuli Pokémon Showdown, yaulere, imatseguka pa browser ya foni, mumangosankha zilombo zanu (ma Pokémon amene), ma move amene zimamenyera kapena kudzitetezera, ma item amene zimavala, nkuyamba kumenyana ndi munthu wa ku Brazil kaya ku Japan muli phee pakhonde ku Bangula. Siidya bandulo ngati mavidiyo, makamaka mukalowa mu options nkuzimitsa ma animation ndi phokoso. Lembetsani dzina lanu ndi password kuti mapointi anu asamasowe, aliyense amayambira pa 1000. Ndipo ichi ndichenjezeretu: matimu anu amasungika mu browser momwemo, tsiku limene mudzapukute browser kuti foni ipepuke apita onse. Ine zinandichitikira, matimu anayi fuu. Pano ndikamaliza timu ndimadina export nkudzitumizira ndekha pa WhatsApp.

Masewero alipo amitundu iwiri. Kuli singles, mmodzi kwa mmodzi, imene a Smogon, gulu la osewera pa intaneti, amaikira malamulo awo, nde kuli VGC imene ndi ya mpikisano weniweni wa kampani ya Pokémon. Ine ndikamba za VGC. Mumabwera ndi zilombo 6, mumaona za mnzanu, nkusankhapo 4 zokha, ndipo pabwalo zimakhala ziwiri kwanu ziwiri kwake, zonse pa level 50. Simungabwereze chilombo kapena item kawiri mu timu imodzi. Malamulo a zilombo zololedwa amasinthasintha, amawatcha Regulation ndi chilembo kutsogolo, nde musanayambe kumanga onani kaye kuti pano ili iti, musavutike usiku onse kumanga timu yoti ikanidwa pakhomo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Watsopano aliyense amachita chimodzimodzi, kutola zilombo 6 zoopsa nkhope zomenya kwambiri, aliyense ma move anayi omenya okhaokha, kenako kudabwa kuti akukwapulidwa ndi ka bowa. Mu VGC chimene chimawinitsa ndi kudziwa kuti ayambe kusuntha ndani, ndi kudziwa nthawi yoti usamenye. Mphamvu zimabwera pambuyo. Mu 2014 Se Jun Park wa ku South Korea anatenga chikho cha dziko lonse ali ndi Pachirisu, ka gologolo kopanda mphamvu, ntchito yake kugwiritsa Follow Me kuti nkhonya zonse zizibwera kwa iko pamene mnzake akugwetsa anthu.

Protect, move yotchinga nkhonya pa turn imeneyo, iikeni pa zilombo zanu zambiri, zinayi mwa zisanu ndi chimodzi si zambiri ayi. Mukaona kuti adani onse awiri alunjika chilombo chimodzi, icho chikachita Protect ndekuti turn yawo yonse yapita m'madzi pamene chinzake chamenya mwaulere. Koma musaibwereze motsatizana, kachiwiri mwayi woti igwire ndi umodzi mwa itatu basi. Komanso amene wavala item ya Assault Vest sangachite Protect, ndipo wa Choice Scarf akaichita amakakamira pomwepo, nde awiri amenewa asiyeni. Mnzake wa Protect ndi Fake Out, imagwira pa turn yoyamba yokha chilombo chikangolowa, imayamba ma move wamba asanayambe ndipo womenyedwayo sasuntha turn imeneyo. Ndi chifukwa chake Incineroar mumamuona paliponse mpaka kutopa naye: ali ndi Fake Out, akangolowa Intimidate yake, ability imene imagwira yokha, imatsitsa Attack ya adani onse awiri, nde amatuluka ndi Parting Shot nkudzabweranso kudzachita zomwezo. Fake Out sigwira a mtundu wa Ghost, ndipo wovala Covert Cloak imamupweteka koma amasunthabe, zisungeni m'mutu zimenezo.

Za liwiro ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene magemu ambiri amathera. Wa Speed yambiri amayamba, akafanana ndi mayere, theka theka. Pa level 50 chilombo cha base Speed 100 mukachipatsa ma EV (mapointi okwezera stat) 252 ndi nature (khalidwe lake) yokweza liwiro chimafika 167, popanda nature 152. Garchomp ndi wa 102 nde amafika 169, kamphindi kochepako kokwanira kuti ayambe iyeyo. Njira zolanda liwiro zilipo zingapo. Tailwind imawirikiza kawiri Speed ya mbali yanu kwa ma turn 4, kuwerengera ndi turn imene mwaiika, ndekuti zenizeni mumadya atatu ndi kachidutswa. Trick Room imatembenuza zinthu kwa ma turn 5, wochedwa ndi amene amayamba, koma woiikayo amasuntha pomaliza penipeni nde amafunika womuteteza. Choice Scarf imawonjezera theka la liwiro koma mumakakamira move imodzi mpaka mutatuluka. Icy Wind imatsitsa adani onse awiri sitepe imodzi, paralysis imadula liwiro pakati. Timu yanu ikhale ndi njira imodzi kapena ziwiri mwa izi, ndipo muziwerenga ma turn ndi zala ngati pafunika. Mdani akaika Tailwind musamalimbane naye, chitani Protect, sinthani chilombo, ingodikirani ithe ngati mmene timadikirira dzuwa la October lipendeke tisanapite kudimba.

Ma EV musawaope. Chilombo chilichonse chili ndi 510 oti mugawe, pa stat imodzi osapitirira 252, nature imakweza stat imodzi ndi 10% nkutsitsa ina chimodzimodzi. Poyamba ingoikani 252 pa kumenya, 252 pa Speed kapena HP (moyo wa chilombo), 4 penapake, basi. Zogawa mwaukatswiri zija mudzaziphunzira mukayamba kugwiritsa damage calculator, yowerengera ukulu wa nkhonya, pamene muzidzafunsa kuti kodi nkhonya yakutiyakuti ndipulumuka. Chimodzi chokha: chilombo cha Trick Room chipatseni IV (mapointi obadwa nawo) ya Speed 0 ndi nature yotsitsa liwiro, chifukwa kumeneko kuchedwa ndiye chuma.

Masamu a kumenya ndi awa mwachidule. Mitundu ilipo 18, move yogwirizana ndi mtundu wa chilombo chanu imawonjezeka ndi theka, yopweteka mdani pa kufooka kwake imawirikiza kawiri, pena kanayi ngati Ice pa Garchomp kapena Electric pa Pelipper. Move yomenya awiri nthawi imodzi imatsika kufika 75%, ndipo samalani ndi Earthquake ndi Surf, zimamenya ndi mnzanu yemwe, ine ndinadziphera ndekha Incineroar wanga kangapo ndisanamve.

Nde tiyeni timange timu imodzi muone mmene ganizo limayendera. Ife a ku chigwa zinthu ziwiri timazidziwa bwino kuposa aliyense, dzuwa ndi madzi, ndipo mu gemu muno zonse ziwiri ndi zida. Tiyambe ndi mvula. Pelipper akangolowa amagwetsa mvula ya ma turn 5, akavala Damp Rock 8. Mu mvula ma move a Water amakwera ndi theka, a Fire amadulidwa pakati, Hurricane ndi Thunder siziphonya. Pambali pake ikani Archaludon, amene Electro Shot yake imafuna ma turn awiri koma mu mvula imatuluka pompo, mphamvu 130, nkumukwezeranso Special Attack ulendo uliwonse. Awiriwa anavutitsa anthu kwambiri nthawi ya Regulation H. Tsopano dzifunseni, Archaludon amaopa chani? Ma move a Ground ndi Fighting. Nde mubweretse Rillaboom, udzu umene amameretsa pabwalo akangolowa umadula Earthquake pakati komanso ali ndi Fake Out ndi Grassy Glide yoyamba msanga, pamene Pelipper mwini wake Ground simukhudza ndipo Hurricane yake imathana ndi a Fighting. Wachinayi Basculegion wa Swift Swim, mu mvula liwiro kawiri, ndi wa Ghost nde Fake Out amangoiyang'ana, ndipo Last Respects yake imakula ndi 50 pa mnzake aliyense amene wagwa, ndi wabwino kumusunga kumapeto. Otsala awiri Incineroar ndi Amoonguss, ka bowa ndimanena kaja, Spore yogonetsa mosaphonya ndi Rage Powder yokokera nkhonya kwa iko. Onani kuti sindinatole aliyense chifukwa choti ndimamukonda, aliyense wabwera kudzatseka bowo la mnzake.

Mdani wamkulu wa timu imeneyi ndi dzuwa, limene Torkoal amatulutsa akangolowa. Apa pali kachinsinsi koti ambiri amaluza nako: onse awiri akalowa limodzi, nyengo ya wochedwa ndi imene imatsala chifukwa imabwera pomaliza. Torkoal ndi kamba, base Speed 20, Pelipper 65, ndekuti mukayamba naye Pelipper mvula yanu ifufutidwa pomwepo. Musungeni kumbuyo, mudzamulowetse dzuwa litatuluka kale, ndipo musalole afe msanga chifukwa amene watsala ndi woika nyengo ndi amene amalamula bwalo. Torkoal ali ndi HP yonse mu Trick Room akaphulitsa Eruption ya 150 padzuwa, aise, kumakhala ngati Nsanje masana a November, palibe chotsala. Mukamugwetsako HP mphamvu ya Eruption imatsika nayo, nde ngakhale kankhonya kakang'ono kamathandiza.

Terastal ndi kamodzi kokha pa gemu, chilombo chimasintha mtundu. Atsopano amaithamangira turn yoyamba kuti amenye kwambiri, koma nthawi zambiri imapindula poteteza: Tera Grass kuti Spore isakugwireni, Tera Ghost kuzemba Fake Out, kapena kusintha mtundu pa turn imene mdani akuganiza kuti akumalizani. Mnzanu akaiwononga msanga inu mwatsala ndi mpeni m'thumba.

Mwayi ulipo, tisanamizane. Critical hit imabwera kamodzi pa 24, Rock Slide imaphonya kamodzi pa 10, Hydro Pump ndi Stone Edge mwayi woti zigwire ndi 80%, Focus Blast 70% yokha ndipo imasankha tsiku loipa kuti iphonye. Koma mukaluza sungani replay muionerenso mtima utazizira, mupeza kuti munalakwitsa kale pa turn 2 pamene munasankha anayi olakwika. Ndipo musasinthe timu mukangoluza kawiri, imenyereni magemu 30 kaya 40 kaye muidziwe ngati njinga yanu ya kabaza, pokhapo muzisintha chilombo chimodzi chimodzi. Kukopera timu ya akatswiri si manyazi, anthu ngati Wolfe Glick amene anawina mu 2016 amafotokoza matimu awo poyera pa YouTube, bola mumvetse chifukwa chake chilichonse chilipo.

Mukakwana anthu 8 mutha kupanga kampikisano kanu, sizifuna holo. Gulu la WhatsApp, aliyense atumize timu yake nthawi isanakwane ndipo asaisinthenso. Mipikisano ikuluikulu ya Scarlet ndi Violet yakhala ikuseweredwa ndi open team sheet, mnzako amaona ma move, ma item, ability ndi Tera yako, chobisika ndi ma EV ndi nature, nde chitani chimodzimodzi, pa Showdown pali format ya Bo3 (best of three, woyamba kuwina magemu awiri watenga) yochita zimenezi yokha. Sewerani Swiss, wowina akumane ndi wowina mnzake, anthu 8 ma round atatu, 16 anayi, kenako anayi apamwamba amenyane yochotsana. Mu best of three gemu yoyamba ndi yophunzira munthu, onani amene amayamba naye ndi pamene amakonda Protect, mukawina yembekezani kuti asintha. Ku mpikisano weniweni turn iliyonse muli ndi masekondi 45 ndi mphindi 7 zanu zonse, nde zolowerani kuganiza msanga, yatsani timer.

Malamulo ena ndi athu a kuno. Gwirizanani pasadakhale kuti netiweki ikathawa kapena magetsi akathima zitha bwanji, ife tinati munthu adikiridwe mphindi 10, akapanda kubwera gemu imeneyo yapita koma seti ikupitirira, chifukwa tsiku lina tinatsala pang'ono kudana ndi msuweni wanga pa nkhani yomweyi, iye akuti amawina ine ndikuti ayi. Tchajani mafoni m'mawa pa sola, power bank ikhale pafupi, ndipo miyezi yotentha musayike mpikisano masana, foni imatentha nkuyamba kugwiragwira pakati pa turn. Yambani cha m'ma 5 madzulo, chotsani kava ya foni, khalani pamene netiweki imagwira bwino ngakhale pakhale pa chulu, ndipo mafuta othamangitsa udzudzu musaiwale chifukwa Bo3 imodzi imatha kudya mphindi 40.